Dzenje la manyowa la amayi

Lero ndadutsa ku Chiputula, pamene akukumba maziko a nyumba zogona ana a ku yunivesite. Dothi lake ndi lakuda bii, lonunkhira manyowa. Pamenepo panali munda wa amayi.

Ndili mwana, ankandituma kukatola ndowe za mbuzi ndi mapesi, n'kumakwirira m'dzenje. Ine ndinkaganiza kuti tikubisa umphawi wathu, poti anzathu ankagula feteleza.

"Amama, bwanji osagula wa kusitolo?" ndinawafunsa tsiku lina.

Anaseka chomene. "Yewo, bwana, kaguleni. Koma nthaka nayonso imafuna kudya."

Chimanga cha m'mundamo chinatilera tonse. Mkazi wanga atamwalira, kulima ndekha kunandikanika, ndipo ndinagulitsa malowo. Mulungu andikhululukire, nthaka imene amayi anaidyetsa moyo wawo wonse ndaipereka kuti aithire simenti.