Mutu wa Amina ndi mwendo wa anganga

Salaam aleikum abale nonse.

Lero ndadzutsidwa ndi kulira kwa chivindikiro cha ketulo, ndipo ndadziwiratu. Anganga, agogo athu aakazi, akawiritsa madzi m'mawa n'kuthira m'botolo, ndiye kuti mlongo wanga Amina wapindika pamphasa ndi ululu wa kumwezi. Kwa ine anganga amangoti, "Akumva mutu." Chimwalirireni amayi ndakulira m'nyumba muno, koma sindinaonepo mutu wothowa pamimba. Tsono lero Amina ali ndi mayeso.

Sabata yatha ndikudikira mankhwala a anganga kuchipatala, ndinaona namwino akuphunzitsa atsikana kuchepetsa ululu umenewu. Amayeza zala zinayi pamwamba pa kakolo, mkati mwa mwendo, n'kudinikiza ndi chala chachikulu kwa kanthawi. Koma mwamuna angayambe bwanji nkhani imeneyi ndi mlongo wake?

Ndiye ndati, "Anganga, bweretsani mwendo ndikuonetseni mankhwala a mutu."

Andiyang'anitsitsa. "Iwe Yusufu, mutu wake uti wokhala kumwendo?"

"Womwewo wa Amina."

Aseka mpaka kutsokomola. Andipatsa mwendo, ndawaonetsa, kenako alowa kuchipinda kwa Amina n'kutseka chitseko.

Posakhalitsa Amina watuluka atavala yunifolomu. Anganga akuti ululu sunatheretu, koma wachepa moti atha kulemba. Azakhali, inu mukuti bwanji, pamenepa ndaphwanya mwambo?

Wakabaza atafika, Amina wandipatsa botolo lija likadali lotentha, osandiyang'ana kumaso.

"Achimwene, sungani. Mwina mutu ukugwirani inunso."

Wakwera njinga, wapita.