Fungo la Bulugamu

Bambo amene amayendetsa makina otulutsa mafuta a bulugamu pafakitale ina sayankhulayankhula. Amapera masamba ouma n'kuwatsekera m'thanki yachitsulo. Kenako amapanikiza mpweya wa kaboni, womwe uja umathetheka m'zakumwa za m'botolo, mpaka usadziwike ngati ndi mpweya kapena madzi. Umenewo ndiwo umakoka mafuta m'masamba. Maso ali pa geji yoyezera mphamvu ya mpweyawo, amakonda kunena kuti, "Phuma silikama mafuta."

Bambowa ndiwo analimbikira kuti makinawa abwere. Kale ankatcheza masambawo ndi nthunzi, fungo n'kuwalowa mpaka m'tsitsi. Atsopanowa satulutsa ngakhale kafungo, ndipo bambowa ankanyadira kuti akuweruka aukhondo ngati kalaliki.

Tsiku lina atafika kunyumba anaima pakhomo la kuchipinda. Akazi awo, amene anasiya kuona zaka zisanu zapitazo, anadzidzimuka.

"Ndani?"

"Ndine, mayi."

"Aa, bambo! Kale ndinkakudziwani musanatsegule n'komwe geti. Lero mukungolowa ngati mlendo."

Chiyambire tsikulo, akamaweruka amafikisa masamba awiri pakolala ya malaya. Mayiwo amanunkhiza n'kumwetulira pang'ono.

"Mwayesetsa," amatero. "Koma awa ndi masamba chabe, si inu."