Poima Amayi Kabati

Ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, ndi mesenjala wa khoti laling'ono, mayi wamasiye wa ana atatu. Anzawo kuntchito amawatchula Amayi Kabati chifukwa cha thupi lawo. Sakwiya nalo dzinali. "Kabati ndi imene imasunga zinthu m'nyumba," amatero. "Inu owondanu mumasunga chiyani?"

Ntchito yawo ndi kuitana mayina pakhonde, kunyamula mafayilo, kuthira madzi m'botolo la woweruza ndi kukuwa kuti onse aimirire. Malo awo ndi pakhomo. Koma m'chipinda chimenecho bokosi la mboni lidapenyana ndi la woimbidwa mlandu, pafupi kwambiri. Choncho mwana akabwera kudzafotokoza zimene munthu wamkulu adamuchita, Amayi Kabati amachoka pakhomo n'kukaima pakati pa mabokosi awiriwo, atafulatira woimbidwa mlandu, manja kumbuyo. Mwana akadzutsa maso amangoona mabatani a diresi lawo. Palibe adawatuma. Woweruza wakale ankangoyang'ana m'mapepala ake ngati sakuona.

Chaka chatha kudabwera woweruza watsopano, wachinyamata, wosafuna kuona chinthu chili posayenera. Sabata yoyamba adawauza kuti, "Mayi, pakhomo. Ndikadzakuonani pakatipo ndidzakulemberani kalata." Makalata awiri anali nawo kale, onse a kuchedwa m'mawa chifukwa cha mawondo. Yachitatu imachotsa munthu ntchito, ndipo kunali kutangotsala zaka ziwiri kuti apume mwaulemu.

Lidafika tsiku lopereka chilango kwa bambo wina amene khoti lidampeza wolakwa pogwirira mwana womupeza, wa zaka khumi ndi chimodzi. Bamboyo adayamba ndiye kupempha kuti amuchepetsere: n'koyamba kulakwa, ali ndi banja, msana umamuvuta. Kenaka woweruza adafuna kumva kwa mwanayo mmene moyo wake ukuyendera tsopano, asanatchule zaka. Mwana adakwera m'bokosi, azakhali ake atamugwira dzanja. Bambo uja adangomuyang'ana mwanayo, n'kumwetulira pang'ono. Mwana adagwiritsa thabwa la bokosi.

Woweruza adafunsa katatu. Zii.

Amayi Kabati adayenda pang'onopang'ono, mawondo akulira, n'kukaima pakati.

"Mayi, ndidati chiyani?"

"Mudati pakhomo, bwana. Kalatayo lembani, ndidzainyamula ndekha. Koma muyambe mwamumva mwanayu."

Woweruza adayang'ana amayiwo, adayang'ana bambo uja, amene tsopano ankasuzumira uku ndi uku osaona kanthu. Adatola cholembera chake. "Pitiriza, mwanawe."

Mwana adayankhula, chapansipansi koma momveka. Adati adasiya sukulu chifukwa anzake amamuloza. Adati mwamuna aliyense akaima kumbuyo kwake thupi limanjenjemera, ngakhale akhale agogo ake. Woweruza adalemba zonse. Adagamula zaka makumi awiri ndi chimodzi.

Masana woweruza adawaitanitsa Amayi Kabati ku ofesi. Iwo adalowa atavala kale juzi, chikwama chili m'khwapa.

"Mukupita kuti?"

"Ndimati ndiyambiretu, bwana. Ndimayenda mochedwa."

"Khalani pansi, mawondowo ndikuwamvera kuno. Tandiuzani, mukadzapuma pakatipo padzaima ndani?"

"Funani wina wonenepa. Akalaliki anuwa ngakhale muwaike awiri, mwana aonabe."

Kalata yachitatu sidalembedwe. M'malo mwake woweruza adalembera akuluakulu kupempha chotchingira cha matabwa. Papita miyezi isanu ndi inayi, sichinabwere. Amayi Kabati akuimabe pakati, ndipo kwatsala chaka ndi miyezi itatu kuti apume.