Kukaona Izo ku Katoto

Malemu amuna anga ankandichenjeza kuti mwamuna wosatchula dzina la chimene amachikonda ali ndi mkazi wina. Ndiye mdzukulu wanga Tamanda atandiuza kuti Gondwe, wojambula zithunzi amene akufuna kumukwatira, amadzitsekera m'nyumba tsiku lonse ndi izo, ndinafunsa kuti ziti.

"Izo basi, agogo."

Si mmodzi ayi, ndi ambiri! Ndinalumbira kuti ukwati sindivomera ndisanazione ndi maso angawa.

Lachiwiri 7 koloko, kuli chifunga, ndinanyamuka ku Masasa osauza munthu. Wakabaza anati K1,500 mpaka m'tauni. Ndinamugwira lamba njira yonse, angandithawe.

Cha m'ma 8 ndinagula chimanga chootcha pa depoti, n'kuchinunkhiza kaye. Mu takisi ya ku Katoto, ya K1,000, anatipanikiza anayi kumbuyo. Bambo wina wa jekete, akuti mphunzitsi wopuma, anafunsa kumene ndikupita. Sindiuza anthu zanga, koma zinangotuluka.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Mama, mwandisekeska chomene! Izo ndi mawu a Chingerezi. Angerezinso anabwereka kwa Adatchi, ndipo kumeneko amatanthauza bulu."

"Bulu? M'nyumba?"

"Wa miyendo itatu, mama."

Ndinafumbata chikwama changa. Munthu wodziwa zambiri chotere sakhala wabwino. Komabe ndinadzifunsa: mdzukulu wanga akalowe m'banja la mitala ndi bulu wolumala?

9 koloko ndinafika. Ndinazungulira nyumba kufuna ndowe, osazipeza. Gondwe anatsegula chitseko manja ali penti yekhayekha.

"Yewo, agogo! Mwabwera bwanji osa..."

"Nditulutsireni izo."

Anandilowetsa. Pakati pa chipinda panaima timatabwa titatu totsamirana, tosenza chinsalu. Izo zija zinali zimenezi; akuti anazitcha bulu poti zimanyamula katundu tsiku lonse osadandaula. Pachinsalupo panali mayi wokalamba, diso limodzi lotsinzina, milomo yokhwinyata ngati wamva fungo la bodza.

"Mkazi uja ndi ameneyu! Ndani?"

"Ndinu, agogo. Imeneyi ndi mphatso ya pa chinkhoswe."

Ndinavomera ukwati, poti mwamuna wopirira kujambula nkhope imeneyo milungu itatu sangathawe Tamanda. Ndaphunzira kuti bulu wosadya ndi wabwino kuposa mkazi wachiwiri.

Koma chithunzicho anandipatsa, ndipo chili pabalaza. Ndikapita kukhitchini chimandiyang'ana, ndikabwerako chikundiyang'anabe. Mayi ameneyu sindikumukhulupirira. Mukamadutsa ku Masasa muzindizonda, chonde. Mugogode katatu, ndipo mutchule dzina.