Tsiku Limene Mayi Jenifa Anatseka Khomo la Abida

Mayi Jenifa ankagulitsa zitumbuwa pa Songani, ndipo akaitana wogula, mawu awo ankamveka mpaka kutsidya kwa msewu wa ku Liwonde. Mawu omwewo ndi amene anawapatsa utcheyamani wa amayi a chipani m'nthambi yathu ku Domasi, chifukwa poyambitsa nyimbo panalibe wowaposa. Sukulu anailekeza panjira. Amuna awo anapita ku Joni n'kuiwala njira yobwerera, ndiye ana anayi anawalera okha ndi mafuta a m'chiwaya.

Kunena zoona, ambirife tinkatopa nawo. Uli pakati popalira, ungomva, "Amayi, kupulakatisi!" Khasu pansi, ulendo kubwalo la sukulu kukaphunzira magule mpaka miyendo kuwawa. Koma amene sanaone zimene ndinaona ine mu 1986 asawanene pamaso panga, tingayambane.

Chaka chimenecho bambo Rashidi, ogulitsa matemba, anamwalira mwadzidzidzi n'kusiya mkazi wawo Abida ndi ana atatu. Pa mwambo wa Chisilamu, mayi wamasiye amabindikira pakhomo miyezi inayi ndi masiku angapo, osadzikongoletsa, osapita kuchisangalalo. Abida anali asanamalize mwezi wachiwiri pamene uthenga unafika wakuti amayi tonse tikavine ku Zomba polandira akuluakulu a boma. Masiku amenewo wokana kuvina ankatchedwa woukira, ndipo woukira ankakwezedwa galimoto osatsanzika ana ake.

Wina wanjiru anakanena kuti Abida sakuoneka kupulakatisi. M'mawa wina galimoto inaima pamsewu, ndipo munatsika bambo Oswald, tcheyamani wa dera lonse, ndi anyamata awiri a chipani a malaya ofiira. Analunjika kwa Abida. Anapeza mayi Jenifa atakhala pakhomo penipeni, atavala nsalu ya chipani, thupi lawo litadzaza khomo lonse.

"Mayi tcheya, tapatukani," anatero bambo Oswald. "Tikufuna mwini nyumba."

"Ali m'katimu. Akulira amuna awo."

"Maliro anatha kale. Loweruka akavine, apo ayi tinyamuka naye pompano akafotokoze kutsogolo. Ndipo inuyo mukamabisa anthu oterewa, mukwera naye limodzi."

Ife oyandikana nawo tinali kuseri kwa nkhokwe. Ine ndinkangoganiza za ana atatu aja, wamng'ono asanasiye n'kuyamwa komwe. Mayi Jenifa sanasunthe.

"Chabwino, a tcheya, akavina," anayankha modekha. "Komatu mayiyu misozi yake saigwira. Akakayamba kubuma maliro pakati pa bwalo, alendo ali pamipando, a wailesi akujambula, akuluakulu akafunsa kuti wabweretsa namfedwa pachisangalalo ndani. Ine kunama sinditha. Ndikati ndi bambo Oswald, ine ndinawaletsa koma sanamve."

Bambo Oswald anatulutsa kansalu n'kupukuta pamphumi, ngakhale dzuwa linali lisanakwere. Anayang'ana anyamata aja, anyamata n'kuyang'ana pansi.

"Nanga akakandifunsa kuti gulu lanu laperewera?"

"Ndikavina malo a anthu awiri. Thupi ndi ili, simukuliona?"

Mnyamata mmodzi anaphulika nako kuseka, kenako n'kudzigwira pakamwa. Bambo Oswald anang'ung'udza kuti nkhaniyi isamveke kwina, n'kubwerera kugalimoto. Itangokhota, tonse tinapumira m'mwamba ngati tatula mtolo wa nkhuni.

Tinathamangira pakhomopo. Mayi Jenifa anadzuka. Bulauzi yawo inali itanyoweratu ndi thukuta.

"Mumachitanso mantha inu?" ndinawafunsa.

"Iwe, nanenso ndili ndi ana," anatero. "Koma mutu ukakula sulewa nkhonya."

Kenako chitseko chinatseguka pang'onopang'ono. Abida anali ataimirira m'kati, maso ali psuu, m'manja muli kamtolo ka zovala. Anali atamanga kale, ndipo mwana wake wamkulu anali atabereka wamng'ono uja, atauzidwa njira yopita kwa amalume awo ku Naisi.

Mayi Jenifa anamulanda kamtoloko n'kumasula okha mfundo yake.

"Tsitsa mwanayo kumsana kwa mnzake, umuyamwitse," anatero. "Palibe kumene ukupita."