Nyemba za Mwana Wanga Wachitatu

Mwana wanga wachitatu, wamkazi, anabwereza Sitandade 3 kawiri. Chaka chachiwiricho aphunzitsi ake anandiitana kusukulu kwathu kuno ku Bolero, nandiuza mwaulemu kuti akapanda kuwerenga pofika mayeso omaliza, akhalanso momwemo. Pobwerera mwanayo anali patsogolo, ine pambuyo. Titafika pamtengo wa mango wa pakhomo anatembenuka.

"Amama, ndikabwerezanso, sukulu ndisiya. Anzanga akumanditcha agogo a m'kalasi."

Ine sukulu ndinalekera Sitandade 7. Ndinalibe nzeru zauphunzitsi, ndinali ndi maondo okha ogwadira. Ndivomere kuti poyamba ndinalakwa. Ndinkamukhazika pansi ndi buku, akakakamira ine n'kukweza mawu, iye n'kuyamba kulira, buku n'kunyowa. Bambo ake ankangoti, "Muleke waka, ingomusiya, adzadziwa," n'kunyamuka ulendo wa kudimba.

Yankho la pemphero langa linabwera nthawi yokolola nyemba. Tsiku lina masana tinali pamkeka kusankha, zofiira kwina, zoyera kwina. Ndinaona mwana uja, m'malo mosankha, akuyala nyemba ngati duwa, lokongola ndithu. Mtima unandiuza kuti manja a mwanayu ali ndi maso. Ndinatenga nyemba zoyera ndi kuyala chilembo chimodzi.

"Ichi n'chiyani?"

"Kaya."

"Chikhudze."

Anachitsata ndi chala, anachifafaniza, nachiyalanso yekha. Mawa lake anachikumbukira! Chilembo chomwe chinamukana m'buku zaka ziwiri chinalowa tsiku limodzi pamkeka. Tinayamba choncho, masana aliwonse akaweruka. Kenaka tinkalumikiza ziwiriziwiri, chofiira ndi choyera, mpaka mawu athunthu. Nkhuku nazo zinalowa sukulu yathu. Tambala wina anameza theka la dzina la mwanayo, tinaseka mpaka misozi.

Patatha miyezi iwiri ankawerenga m'buku, pang'onopang'ono, tili awiri. Koma pakangobwera munthu wachitatu, ngakhale mchemwali wake, lilime linkauma. Nanga mayeso aja amawerengetsa mwana ataimirira, aphunzitsi akumuyang'ana.

Apa ndi pomwe analowererapo apongozi anga aamuna, bambo awo a amuna anga. Kale anali mkulu wa mpingo, koma maso anali atafa, ndipo ankadandaula kuti palibe wowawerengera Mawu a Mulungu. Ine ndikanatha, koma kuno mkamwana, mkazi wokwatiwa ndi mwana wawo, sakhala pafupi ndi apongozi aamuna. Ndimagwada patali, kupereka moni, basi. Ndiye ndinatuma mwana uja.

"Amama, andiseka."

"Akuona bwanji kuti ukunjenjemera? Pita."

Ndinaima kuseri kwa nkhokwe, makutu tcheru. Asekuru, monga mwanayo amawatchulira, anamulandira ndi nthabwala za agogo ndi mdzukulu.

"Wabwera mkazi wanga? Anthu akuti ndinakwatira mbuli."

"Mbuli ndinu, asekuru, buku mwaligwira chadodolido."

"Ndiye litenge, undiwerengere."

Anayamba. Mawu amodzi, kupuma, ena, kupuma. Madalawo ndime imeneyo ankaidziwa pamtima, anailalikira zaka zambirimbiri, koma anakhala ngati akuimva koyamba. Mwana akakakamira sankamuuza. Ankangoti, "Eya, ndiye zinatha bwanji? Usandisiye panjira, iwe." Akadutsa, iwo n'kuwomba m'manja: "Yewo chomene! Koma nkhono ikanafika kale ku Chiweta."

"Nkhonoyo ikuwerengereni ndiye," mwana anayankha, onse awiri n'kuphulika kuseka.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse asanapite kusukulu ankayamba wawerengera asekuru ake. Iwo mochenjera anayamba kuitana anthu. Lero mnzawo wodutsa pamsewu, mawa azakhali, mkuja mayi wogulitsa usipa: "Takhalani pansi, mumve mkazi wanga." Mwana anazolowera maso a anthu osadziwa n'komwe.

Tsiku la mayeso ndinamupempherera pakhomo, dzanja langa lili pamutu pake. Pomukonza yunifomu ndinamva timiyala m'thumba. Zinali nyemba, zofiira ndi zoyera, zodzaza kadzanja.

"Sakulola kuyala nyemba m'kalasi, mwanawe."

"Ndikudziwa, Amama. Ndizingozigwira."

Tsiku lotsekera sukulu ndinali kuseri ndikuanika zovala pomwe ndinamva mapazi akuthamanga. Mwana uja anandidutsa ine mayi wake ngati sanandione, fumbi kobo, mpaka pakhonde la asekuru. Anatambasula pepala la zotsatira, nawawerengera yekha mokweza, mawu ndi mawu, kuti wakhoza ndipo apite Sitandade 4.

"Bodza," anatero madala aja. "Wangopeka poti sindiona. Werenganso."

Anawerenganso. Ine ndinaiwala mwambo wonse, ndinalulutira mpaka kufika pakhonde penipenipo, kenaka manyazi n'kundigwira, ndinagwada pomwepo. Apongozi anaseka nati, "Lero lokha, mkamwana, khalani pompo. Tipemphere."

Nyemba za m'thumba zija sitinaphike. Mvula itagwa mwanayo anazidzala kuseri kwa khitchini, mzere umodzi. Zinabereka bwino, ndipo zina mwa izo ndi zomwe mng'ono wake akuyalira zilembo pamkeka masiku ano, mkulu wakeyo ali mphunzitsi, waukali kuposa ine.