Tsamba Lofiira pa Khadi la Ana

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene mzimayi wina wogwira ntchito mulaibulale ananditcha mwana wopanda khalidwe, pamaso pa mayi anga ndi anthu onse amene analimo. Kunali ku Manchester, chapakati pa zaka za m'ma 2000. Zaka zapitapo zambiri, koma mzimayi ameneyo sindinamukhululukire, ndipo sindikuona kuti ndidzatero.

Tinali titakhala ku Mangalande zaka ziwiri, ine ndi mayi, tikupempha kuti atilole kukhala ngati anthu othawa kwawo. Pempho loyamba analikana. Loya wathu anatisiya, ati mlandu wathu unalibe mphamvu, ndipo apilo inali yoti imvedwe Lachinayi. Tikanaluza, akanatha kutibweza kwa abale a malemu bambo anga ku Nsanje. Chimene tinathawa kumeneko sindinkachidziwa. Ndikafunsa, mayi ankangoti si nkhani ya ana.

Mayi wina wa kutchalitchi kwathu, amene ankathandiza anthu pa za mapepala, anawauza mayi kuti jaji sakhulupirira za pakamwa, amafuna umboni wolembedwa. Anawalembera mawu a Chingerezi pakapepala kuti akafufuze pa intaneti malipoti onena za chimene anathawacho, asindikize, apite nawo kukhoti. Kunyumba tinalibe kompyuta. Choncho Lolemba nditaweruka kusukulu tinakwera basi, mvula ikuwaza, kupita kulaibulale ya m'dera lathu.

Kuti munthu akhale pakompyuta ankafunika khadi, ndipo mayi analibe chifukwa anakana kulembetsa. Iwo anakulira nthawi imene makalata ankafika atatsegulidwa kale, ndipo munthu ankayamba wayang'ana kumbuyo asanatchule boma. Mantha amenewo anawoloka nawo nyanja.

"Dzina langa lisalowe m'makina awo," anatero tili pakhomo. "Tigwiritsa khadi lako. Mwana sangamulonde."

Apa ndi pamene tinalakwitsa. Sitinkadziwa kuti makompyuta onse a m'malaibulale a boma anali ndi sefa, yotseka masamba amene akuluakulu ena anaganiza kuti ndi osayenera, ndiponso kuti sefa ya khadi la ana inali yothina kuposa zonse.

Mayi anandipatsa kapepala kaja atakapinda kanayi, n'kuyang'ana kumbali. Ndinatayipa. Mawu ena anali onena za mkazi wamasiye, ena za mwambo, koma limodzi linali lija lonena za kugonana, limene anzanga kusukulu ankaseka nalo. Sindinafunse. Mitu ya malipoti inabwera yambiri. Nditadina woyamba, sikirini yonse inasanduka yofiira, ndi mawu akuti tsambalo ndi loletsedwa. Ndinadina wachiwiri, chimodzimodzi. Wachitatu, wachinayi, wachisanu.

"Yesanso," mayi ankanong'ona. "Mwina walakwitsa kalembedwe."

Kuyesanso konseko kunkaonekera pakompyuta ya padesiki la kutsogolo. Mzimayi wa padesikiyo anabwera, magalasi ali lendelende pachifuwa, n'kuima kumbuyo kwanga. Sanatipatse moni. Anawerenga zimene ndinatayipa, kenako anandiuza m'Chingerezi, mokweza ndithu, kuti makompyuta amenewa si oonerapo zolaula, kuti mtsikana wamsinkhu wanga ayenera kuchita manyazi, ndipo khadi langa waliimitsa mwezi wathunthu. Bambo wina amene ankawerenga nyuzipepala anaitsitsa. Anyamata awiri a yunifolomu ya sukulu yathu anatembenuka, akugwedezana ndi zigongono.

Mayi anaimirira. "It is me, madam. Not the child."

Mzimayiyo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato zawo zonyowa, n'kufunsa kuti mayi wamtundu wanji amatuma mwana kufufuza zinthu zotero. Mayi anayankha chapansipansi. Iye anati sanamve. Anabwereza, iye n'kunenanso kuti sanamve. Ndikhulupirira kuti anamva bwinobwino, ankangofuna kuwaonetsa kuti Chingerezi chawo ndi chosalongosoka.

Ndiye mayi anakweza mawu. Ananena kuti mwamuna wawo atamwalira, abale ake anabweretsa mwamuna wina woti agone nawo kuti achotse imfa pamudzi, mwambo umene kwathu amati kulowa kufa. Ananena kuti anakana. Ananena kuti atakana anawatenthera zovala, n'kuwauza kuti munthu wina akadzamwaliranso pabanjapo mlandu udzakhala wawo, ndipo mwana adzawalanda. Anayankhula liwu limodzilimodzi, dzanja lawo litagwira mpando wanga. Umu ndi mmene ndinadziwira chimene tinathawa.

Nkhope ya mzimayi uja inafiira, ndipo ndinaganiza kuti apepesa. Sanapepese. Anati iye sangatsegule tsamba lililonse, sefayo amaiyendetsa anthu a kuofesi ina, ndipo ngakhale pakhadi la akuluakulu masamba amenewo akanatsekedwabe. Anabweretsa fomu yopempha kuti aunikenso masambawo. Yankho, anatero, limatenga masabata awiri kapena atatu.

"Khoti ndi Lachinayi," mayi anamuuza.

Anangokweza mapewa n'kuwapatsa cholembera. Mayi analemba dzina lawo lonse ndi adiresi, zomwe anakhala akubisa zija. Za khadi langa, anati chimene makina alemba iye sangachifute.

M'basi pobwerera ndinakhala mpando wina. Ndinkaganiza za anyamata aja, ndi mmene sukulu yonse idzadziwire mawa lake. Titayandikira potsikira ndinawauza mayi m'Chingerezi kuti andichititsa manyazi, kuti bwenzi atangokhala chete.

"Ngati ukufuna kundinyoza, ndinyoze m'Chichewa, ndimve bwino," anandiyankha.

Lachiwiri ndi Lachitatu mayi sanatuluke m'nyumba. Ndinawauza kuti tikayese kumashopu olipiritsa intaneti, koma anakana. Iwo anali atatsimikiza kuti tsamba lofiira lija linali boma likuwauza kuti lawaona, ndipo kufufuzanso kukanangowonjezera mlandu. Lachinayi anapita kukhoti chimanjamanja. M'chigamulo chake jaji analemba kuti sanaone umboni woti mwambowo ukuchitikabe. Sindinganene kuti mapepala aja akanasintha zonse, koma sitinapatsidwe mpata woti tidziwe. Tinakhala zaka zina zinayi tikudikira pempho latsopano, mayi osaloledwa kugwira ntchito, chikwama chili chopakirapakira kuseri kwa chitseko.

Patatha masabata atatu kuchokera tsiku la khoti, kalata yochokera kulaibulale inafika yonena kuti aunika, masamba aja atsegulidwa, ndipo akutithokoza pothandiza kuti intaneti ikhale yabwino kwa onse. Mayi anandiuza kuti ndiwawerengere kawiri, kenako anaiponya m'bini.

Ndinatenga nthawi yaitali ndikuwakwiyira mayi, pamene iwo analibe mlandu. Lero ndikumvetsa kuti anasankha kuvula ulemu wawo pagulu kuti dzina loipa lichoke pa ine. Ndikumvetsanso kuti amene amasankhira anzawo zoyenera kuwerenga sakhalapo pamene zotsatira zake zikugwera munthu. Amene anatchera sefa ija sanatione, sanatifunse, ndipo mwina anagona tulo tabwino poganiza kuti ateteza ana. Ine ndinali mmodzi wa ana amenewo. Ananditeteza kuti ndisawerenge mawu aja pasikirini, ndipo ndinawamva kuchokera pakamwa pa mayi anga, ataimirira pakati pa alendo.